Belu la Yelesani

Fakisoni sananene kuti ndisiye Mulungu.
Akanatero ndikanamuthawa.
Anangoti, "Mlamu, soya wauma ku Mgubudu.
Lamulungu limodzi lokha, kwaya siifa."
Ndipo kwaya sinafedi.
Inapeza wina woimba besi
pa benchi yanga ya kumapeto, pafupi ndi zenera losweka.

Tinapachika sikelo pa nthambi ya mango.
Anandionetsa kamsomali ka kumbuyo,
mmene umakapotozera pang'ono chabe
kuti thumba lonenepa lifike pa singano litaonda.
Tsiku loyamba manja anga anatuluka thukuta.
Lachiwiri ndinaseka naye.
Pofika Julaye ndinali kupotoza ndekha,
uku ndikuimba mluzu,
nyimbo yake ya m'buku lomwe lija la ku tchalitchi.

Madzulo ku Kapata, nyama ya mbuzi pa makala,
mabotolo ochita thukuta,
anyamata onditcha bwana.
Palibe anatukwana dzina la Yesu pa tebulo lija.
Sitinkalitchula basi,
monga mmene wangongole amazembera njira
yodutsa pakhomo pa mwini ndalama.

Koma Yelesani, wokonza njinga pafupi ndi mlatho wa Lunkhwakwa,
munthu wosadziwa kulalikira,
amene pemphero lake limadukira pakati ngati tcheni chakale,
ankaima pa geti pathu ku Mchini Lamulungu lililonse
n'kuliza belu kawiri.
Ine zii m'bulangete.
Mkazi wanga ankati, "Achokapo."
Iye ankati, "Chabwino, mlamu," n'kupalasa.
Masabata khumi ndi anayi.
Ndinkawawerenga, ndikudana nalo belulo.

Tsiku lina kunabwera mayi atasenza theka la thumba,
chitenje cha chigwirizano chitasuluka,
kamdzukulu katamugwira m'mphepete.
Anandiyang'anitsitsa, nkhope n'kumasuka:
"Si inu munaimba pa maliro a amuna anga?
Besi ija! Yezani, mwanawe,
ine pa singano sindiyang'anapo,
munthu wa Mulungu salonderedwa."
Anatembenuka kumanga bwino duku.

Ndinayeza.
Ndisaname pano: ndinamubera.
Makilo atatu, Fakisoni akunditsinzinira diso.
Mayiyo analandira ndalama ndi manja awiri,
n'kugwada pang'ono.

Usiku umenewo makilo atatu aja
anandikhala pachifuwa kuposa lole yodzaza.

Mitengo itagwa mu Ogasiti
Fakisoni anapita ndi sikelo, ndi ndalama za tonse awiri,
foni yake n'kuyamba kuyankhidwa ndi mayi wa kukampani.
Chibwenzi cha nkhwangwa, chinakoma pokwera.
Koma sindimusenzetsa zonse.
Iye anangoloza kamsomali,
zala zopotoza zinali zanga.

Lamulungu lotsatira belu linalira kawiri.
Ndinatuluka nsapato zili m'manja.
Yelesani sanafunse kumene ndinali.
Anapukuta keliyala ndi chipewa chake,
nati, "Khalani bwino, ndapopa."
Pa chitunda anatsika, tinakankha tonse,
ndipo ndinamuuza za mayi uja,
maso anga ali pa masipoko.
Sanandipatse vesi.
Anakhala chete mpaka tinamva ng'oma ya kwaya,
kenaka anati, "Ku Mgubudu n'kutali,
koma Loweruka ndilibe njinga zambiri."

Benchi yanga ili ndi mwini tsopano,
ndimakhala kumbuyo, pakati pa ochedwa.
Mawu sanabwerere onse.
Kuseri kwa chitseko kwathu kuli kathumba ka soya,
makilo atatu, oyezedwa pa sikelo ya eni sitolo.
Tapitako kawiri, mayiyo sitinamupeze,
akuti ali kwa mwana wake ku Chadiza.
Loweruka tipitanso.
Yelesani akuti tinyamuke kusanatenthe,
ndipo ine ndidzakhala pa geti
belu lisanalire.