Chitseko cha Mlombwa

Njinga yamoto ija sinaime.
Inangosiya utsi pamtsetse wa ku Chinamwali,
pomwe oswa miyala amaunjika milu yawo.
Adzatopa anagona m'ngalande,
mwendo wakumbuyo uli lende,
magazi akulondola madzi a mvula ya dzulo.

Ine kalipentala wa zaka makumi awiri pantchito,
manja ozolowera sowo ndi tchizulo,
ndinangoti kakasi.
Kenako ndinagwada kuti ndimunyamule.

“Ababa, musamugwire!”
Anali Elube, yunifolomu idakali m'thupi.
“Galu womva ululu sadziwa mbuyake.”
Anang'amba mpendero wa chitenje chapachingwe,
nakulunga kukamwa kwa galuyo, osathinitsa,
mfundo pansi pa chibwano, ina kuseri kwa makutu,
uku akumuyankhula chapansipansi
ngati muja ankachitira ali kagalu ka m'katoni.

“Dinikizani apa. Ayi, musasuzumire.
Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina.”
Ndinadinikiza.
Mtima wake unkagunda m'chikhatho changa,
kapena unali wanga, sindikudziwa.

Anthu anafika, aliyense ndi nzeru zake.
A Mkwapatira anati tithire oilo wakuda.
Wina anapisa m'thumba natulutsa panado.
“Mankhwala a anthu amapha galu,” anatero mwanayo,
osadzutsa n'komwe mutu.
Anatukula mlomo, naona nkhama zatuwa.
“Mwendowo musauwongole.
Pezani chomugonekapo chosapindika.”

M'shedi mwanga munali chitseko cha mlombwa,
chopalapala kale, cholipiridwa theka,
a Namakhwa akubwera kudzatenga Loweruka.
Ndinachiyang'ana kamodzi kokha.

Tinamusendezera pamenepo pang'onopang'ono,
tinamufunditsa jekete langa la kutchalitchi.
Lole ya mchenga inatinyamula.
Tikuwoloka Mulunguzi, phiri lili mbuu ndi nkhungu,
ndinafunsa: zonsezi unazitola kuti?

“Tsiku la katemera wa chiwewe.
Ndinatsalira n'kumafunsa a vetenale.
Paja munandikalipira kuti ndachedwa
ndipo nkhuku zagona panja.”

Ndinayang'ana mchenga.

Kuofesi anamasula chitenje, anasoka, anamanga,
anati mwachita bwino kufulumira,
akuyang'ana ine.
Ndinaloza Elube ndi chibwano.

Lero Adzatopa amayenda miyendo itatu ndi theka.
Akamva njinga amabisala pansi pa benchi.
A Namakhwa ndinawakhomera chitseko china,
analankhula ndithu, koma anatenga.

Chija ndinachipala katatu.
Mlombwa umalira magazi ukaudula, tonse tikudziwa,
koma dontho ili ndi la mtundu wina,
linalowa mkati, silichoka.
Ndinachikoleka pakhomo la shedi.
M'mawa ndikamatsegula
dzanja limagwera pomwepo,
ndipo kuseri kwa chitseko, pamsomali,
pali kansalu koyera kopindapinda
kamene mwana wanga anati kasachoke.