Tizikho ta Mgonero

Ndine mlembi wa mpingo kuno ku Muloza.
Cholembera changa chimadziwa aliyense wopereka:
amene anagula malata, amene anatula matumba asanu a simenti,
amene dzina lake timaliwerenga kawiri kuti m'manja mumveke bwino.
Dzina la mayi Esinta Muhiwa mulibe m'kaundula wanga.
Ndafufuza tsamba ndi tsamba. Mulibe.

Sabata yonse amathyola tiyi ku esiteti,
dengu kumsana, chiperoni chikuwalowa mpaka m'mafupa.
Mawa lake kukakhala mgonero,
amatsikira ku mjigo ndi beseni lomata ndi phula
kukatsuka tizikho.
Sindinkadziwa n'komwe kuti tilipo tingati.

Mu Julaye anawagoneka kuchipatala. Chifuwa.
Abusa anayang'ana uku, anayang'ana uko,
diso linagwera ine.
Ndinavula jekete mtima ukung'ung'udza:
sukulu yonse ija, kudzathera pa beseni?

Tilipo mazana awiri ndi khumi ndi tinayi.
Tiwiri n'tong'aluka.
Madzi akuluma zala, ndinayesa kuzindikira
kamene anamwera a manijala,
kamene anamwera Nikoloma, mlonda wa mano atatu uja,
kamene ndinamwera ine.
Ndinalephera.
Monsemo kadontho kofiira kofanana, kataumira pansi.

Madzulo ndinapita kukawazonda ndi phava la nthochi.
Sanafunse za kwaya, sanafunse za chopereka.
Anati, "Mwapukuta ndi nsalu yoyera ija?
Musamakweche ndi mchenga, timakalika.
Ndiponso musamathamange, kalikonse kali ndi mwini wake.
Ine ndikanyamula kamodzi ndimatchula dzina:
uyu mwana wake ali ku Joni, foni sayimba,
uyu mwamuna amam'menya,
uyu katapila wam'landa tulo.
Mayina akatha tizikho tisanathe, ndimayambiranso."
Anatsokomola nthawi yaitali.
"Inunso a mlembi mumakhalapo,
chifukwa cha bondo lanu lija."

Ndinabwerera wapansi, njinga ndikukankha,
phiri litafunda mtambo mpaka m'chiuno.
Zaka khumi ndi zitatu ndikupemphereredwa pa mjigo
ine osadziwa,
ndikuwalizira belu panjira kuti andipatukire.

Usiku uja Ambuye anavula malaya awo,
nadzimanga chopukutira m'chiuno.
Ndimeyo ndaiwerenga pa gome kangapo,
mawu okweza, tayi yowongoka.
Koma sindinafunsepo kuti atatha kudya,
ataimba nyimbo n'kutuluka kupita kumunda kuja,
m'chipinda mutatsala nyenyeswa ndi nyale yofuka,
chikho chija anatsuka ndani.
Alembi anzanga anayi aja sanam'lembe.

Anatuluka m'chipatala sabata yatha,
ataonda, chitenje chikuzungulira kawiri.
Beseni andilanda.
Akuti ndimamwaza madzi, sopo ndimatha.
Andilola kupukuta kokha.

Ndinawauza kuti ndikufuna kuwalemba m'kaundula.
Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chizungu,
n'kundipatsira kachikho kena, kakudontha.
"Aka n'ka Namakhwa," anatero,
"mayeso akulemba Lolemba.
Gwirani bwino."