Mmisiri wa Mipope

Zaka makumi awiri amuna anga, a Namakhwa,
akhala akukwera ku Lichenya ndi sipanala m'thumba,
kulondola mpope kuchokera pa thanki mpaka ku Mimosa,
khutu pansi, kumvetsera pomwe madzi atsamwa.
Ankati: mpope waukulu ukatseka
usadere nkhawa pomwe watsekapo,
dera nkhawa timipope ta m'mbali,
ndi timene timaphulika anthu ali m'tulo.

Lachinayi lija sanadandaule mutu, sanatsokomole.
Anangodzuka nati, patse beseni.
Ndinawapatsa lotsukira mbale.
Linadzaza mpaka pa mzere wa dzimbiri,
magazi akuda, amibulumibulu.
Tambala anali asanalire.

Alamu anga anati ndi kachasu,
kunena munthu amene mowa wake ndi tiyi wopanda mkaka.
Ena anati fufuzani kuntchito,
alipo amene akusirira sipanala ija.
Lole yonyamula masamba a tiyi
ndiyo sinafunse kanthu, inangoima.

Pa boma, dokotala, mtsikana wa msinkhu wa Esinala wathu,
anatembenuza kabuku ka kuchipatala
najambula kuseri kwake:
apa chiwindi, apa mtsempha waukulu wolowa m'menemo,
apa patsekeka.
Magazi akasowa njira amalambalala,
amathithikana m'timitsempha ta kum'mero,
timatupa, timapyapyala,
tsiku lina phuli!

A Namakhwa, botolo la magazi a mlendo likudontha m'mkono,
milomo yoyera ngati ufa,
anaseka.
Anati, mwanawe, ntchito imeneyo ndi yanga.

Ku Gulupu anawalowetsa paipi kukhosi
namanga timitsempha tija ndi timphira,
kamodzikamodzi, tinayi.
Pobwerera m'minibasi anandinong'oneza:
malegeni, mayi, angondimanga malegeni
monga ndimachitira pa mpope wa kusukulu.
Amagwira, koma sachotsa chotsekacho.

Tsopano chimanga chokazinga chimawadutsa.
Amamwa phala, ndi kam'bulu koziziritsa kuthamanga kwa magazi.
Ndagulitsa zinanazi zonse zosapsa
kuti pa mwezi tikaonekerenso.
Mpope wa pa tchalitchi ukudontha sabata yachitatu,
amayi amapatuka ndi zidebe kudzafunsa,
ine ndimati akugona.

Usiku mvula ikamatsika m'phiri
ndimaika khutu pa chifuwa chawo.
Sindidziwa chimene ndikumvetsera.
Iwo amadziwa. Amakhala chete
kuti ndimve bwino,
beseni lili pansi pa bedi.