Kabokosi Kachisanu ndi Chiwiri

Fomu ili ndi masamba anayi.
Dzina ndalemba, boma lochokera ndalemba,
digiri ya dzana ija ndaitchula monyadira,
koma kabokosi kachisanu ndi chiwiri kakundiyang'ana
ngati kondakitala amene sindinamulipire:
Mwagwira ntchito zaka zingati?

Chaka chimodzi ndi miyezi iwiri.
Mwa miyeziyo, itatu inathera kuphunzira
kuti kiyi wa kabati yachitsulo
amafuna kumukoka pang'ono asanatembenuke.

Sungeni akuti lembapo zitatu, akafufuze ndani?
Iye anayamba kale digiri yachiwiri ya zamalonda,
Loweruka lililonse amatsika pa Ginnery Corner
laputopu kumsana,
ndipo masiku ano akamayankhula
mawu ake amavala tayi.
Akuti ubongo uli ngati simenti,
ukaugoneka dzinja limodzi umauma m'thumba.
Akutinso fizi sidikira munthu,
ya chaka chamawa idzakhala itabereka.
Apo sakunama.
Mitengo pa kampani pathu ndimasintha ndine.

Lachiwiri lapitali, chiperoni chitakuta Limbe yense,
kasitomala wa ku Thyolo anaimba akukalipa:
matumba khumi ndi awiri a simenti sanafike.
Abwana ali kumaliro ku Balaka, foni yozima.
A Likoswe, dalaivala, anaima pakhomo la ofesi yanga
chipewa m'manja,
munthu wa msinkhu wa bambo anga,
ine kalata yowaimitsa ntchito nditaitayipa kale,
Chingerezi chosalala, chopanda chilema.

Mayi Namacha a kunyumba ya katundu,
amene sukulu anasiyira fomu thu,
analowa akupukuta fumbi m'zikhatho.
Sanawayang'ane n'komwe a Likoswe.
Anangofunsa kuti, popakira mvula inayamba nthawi yanji?
Tinapita tonse.
Matumba aja tinawapeza kuseri kwa malata,
atafunditsidwa tenti,
pamene anyamata anawabisa pothawa madontho
n'kuwaiwala.

Kalata ija ndinaing'amba tizidutswa ting'onoting'ono
kuti ngakhale wosesa asawerenge.

Ndiye m'kalasimo ndikanyamula chiyani?
Mphunzitsi akati, tiuzeni vuto limene munalithetsa,
anzanga adzatulutsa mabanki, mafakitale a ku Makata,
antchito zana, ngongole za mamiliyoni.
Ine ndidzatulutsa kiyi wa kabati
ndi matumba khumi ndi awiri
amene anawapeza wina.

Komatu kudikira nako kuli ndi mano.
Amati kuona maso a nkhono n'kudekha,
koma nkhono silipira lendi ku Chilomoni.
Mayi Namacha akhala pa mpando womwewo
zaka makumi awiri ndi ziwiri,
ndipo malipiro awo, ndimawaona pa mndandanda,
safika pa anga.

Ndinawaonetsa fomu nthawi ya tiyi.
Anaigwira m'mphepete, kuopa kuidetsa.
Anati, pepala ili limatsegula chitseko
chimene ine ndachikankha mpaka phewa kufa dzanzi.
Pitani, musachite kufunsa.
Anamwa tiyi, anatafuna mbatata,
kenaka anati,
koma chitseko chikatseguka
mukanena chiyani m'katimo?

Madzulo minibasi inaima nthawi yaitali pa Chichiri,
mpira utangotha, anthu atadzaza msewu.
Ndinatulutsa fomu, ndinaiika pa bondo,
ndinalemba ndi pensulo, osati bolopeni:
chaka chimodzi, miyezi iwiri.
Manambalawo anaoneka owonda
ngati ana oyamba kumene sukulu.

Tsiku lotsekera ndi kumapeto kwa mwezi.
Ndikhoza kukapereka, akandikane okha.
Ndikhoza kusunga, kabokosi kanenepe kaye.
Sindinasankhe.
Chimene ndachita n'chakuti ndapempha Mayi Namacha
kuti mawa lole ya ku Mulanje
tikapakire limodzi, sikisi koloko,
ine ndikuwerenga mokweza,
iwo akuyang'ana kumwamba.