Masamba Omaliza

Chakuno kwa mlatho, mbali yopita ku Malangalanga,
pomwe oitanira amalirira Kawale, Kawale, atsala awiri,
Nasibeko amayala chiguduli
n'kundanda mabuku chagada ngati makaka padzuwa,
kamwala pa lililonse
kuopa kuti mphepo ya Ogasiti ingawerenge ulere.

Anthu amawadziwira pa dzanja.
Logwira Bayoloje ya Folomu 4 ndi la kholo,
limawerenga ndalama kawiri.
Wa tayi amasaka buku la momwe ungalemerere,
ndipo ndiye amanenerera kuposa onse.
Achikondi aja amagulidwa mothamanga, maso kumbali.
"Ndi la mlongo wanga," amatero wandevu,
Nasibeko n'kungoti inde, n'kulikulunga m'nyuzi.

Ine anga ndi a zaupandu.
Ndimalonda nyumba ya katundu ku Kanengo,
sikisi mpaka sikisi,
chibonga pamwendo, tochi m'kamwa,
udzudzu ukuwerengera paphewa panga.
Lachisanu ndimabweza, n'kuikapo kangachepe,
n'kunyamula lina.

Sabata yatha ndinatenga lonenepa, lopanda chikuto,
lonunkha palafini ndi chinyezi cha m'sutikesi.
Munthu waphedwa m'chipinda chokhoma,
kiyi ali m'thumba mwake momwemo.
Masiku atatu ndinayenda naye wapolisiyo,
mpaka Lachinayi cha m'ma thili koloko,
galu wa pageti inayo atatopa kuuwa,
anasonkhanitsa onse pabalaza,
anakhosomola, natukula chala,
nati wakupha ndi

basi. Ulusi wokha
ndi guluu wouma.

Ndinatukwana, malata anandibwezera.

Kutacha sindinapite ku Mgona kukagona.
Ndinakwera ya m'tauni, buku m'khwapa.
"Mayi, mwandigulitsa mbuzi yopanda mchira."
Analitembenuza osadabwa n'komwe.
"Linabwera choncho. Kaya wina anakulungira mtedza,
kaya anapichirira fodya, ndani akudziwa.
Koma taonani apa."

M'mphepete mwa tsamba lotsala
wina analemba ndi bolopeni yofiira: Ndi mkazi wake.
Pansi pake pensulo yofooka:
Bodza, ndi dokotala, onani tsamba 88.
Wachitatu, zilembo zothamanga
ngati za pakhadi la ku Bwaila:
Nonsenu simunamuone wosamalira maluwa.
Ndipo wina, mwana kapena,
anangojambulapo nkhuku ya miyendo itatu.

"Labwerera kanayi," anatero,
akukupiza ntchentche ndi Atilasi yong'ambika.
"Athunthu amapita osabwerako.
Ili lokha ndilo limandikumbuka."

Ndisanayankhe, likhweru.
Galimoto ya khonsolo yatulukira pamlatho,
a nthochi, a malamba, a machaja, onse liwiro,
mapeyala akugubudukira m'ngalande.
Nasibeko anagwira ngodya zinayi za chiguduli,
Bayoloje, chikondi ndi chuma zonse mtolo umodzi pamutu,
nalowa m'kanjira ka kuseri kwa ogulitsa matayala.
Anatsala ndi miyala yake, yondanda bwino,
ikupanikiza fumbi.

M'minibasi ndinatsegula tsamba 88.
Dokotala analidi ndi matope kunsapato,
koma mvula inagwera onse usiku umenewo.
Ndinabwerera m'mbuyo, kondakitala akundigwedeza,
mpaka tsamba 12, mzere umodzi wokha:
munthu wa chikhoti chachitali anatsegula geti,
galimoto inalowa, iye anatseka.
Alibe dzina. Sanatchulidwenso.
Masamba mazana atatu, wapolisi wanzeru uja
anafunsa wophika, anafunsa mlamu, anafunsa ndi wansembe,
osamupatsa ngakhale moni.

Usiku, mphepo ikulowa m'mabowo a jombo,
ndinabwereka bolopeni ya m'buku la pageti.
Pansi pa nkhuku ija panali kampata.
Sindinalembe kuti ndiye anapha, ayi,
ndikuwadziwa anthu a ntchito yathu,
tulo ndi ngongole zimatikwanira.
Ndinangolemba: Kafunseni mlonda, anaona zonse.

Lachisanu ndikalibweza.
Ndikaikapo kangachepe, monga mwa masiku onse.