Zilumba za Mwaiwawo

Loweruka m'mamawa foni yanjenjemera m'thumba la jekete.
Ndi Mwaiwawo, akulankhula mphepo ili m'kamwa:
Ababa, lero sindili ku chipatala,
ndakwera chombo, ndili pa chilumba china chakumtunda,
kulibe mtengo ngakhale umodzi woti n'kuyedzamira.

Ine ndili ku Mabvuku, Juni wandigwira m'maondo.
Fumbi la simenti layeretsa masamba a mapeyala,
pampope palibe dontho kuyambira Lachiwiri.
Ndamanga zingwe za nsapato,
zomwe zija ndinkalondera nazo ku Msasa,
ndati, yamba iwe, ndikutsata.

Akuti nkhosa za kumeneko zimadya ndere za m'nyanja.
Akuti pamiyala pagona nyama zonenepa,
nkhope ya galu, miyendo zinaiwala kwa Mlengi,
zikumuyang'ana ngati wabwera kudzatolera ngongole.
Ndipo kuli kambalame ka mlomo wopakapaka
ngati chigoba cha gule wa ku Tafara,
kamakumba una m'malo momanga chisa.
Ndaseka ndekha pamseu,
kondakitala wa kombi n'kundiyesa wamisala.

Ndadutsa minda ya chimanga chouma, mapesi ali kwayakwaya,
ndalowera kunjira ya ku damu la Cleveland.
Kuno nakonso kuli zilumba, mwanangu,
matanthwe osanjikizana pakati pa nyanja ya tsekera.
Mbira yandiona, yalowa m'phanga.
Gulo wagwedeza mutu kuvomera mlandu wosaudziwa.
Nkhanga zisanu ndi imodzi. Ndawerenga kawiri.

Mawu ake adukaduka, kenaka abwerera:
Ndapeza nyumba zakale zofukulidwa mumchenga,
bedi lamwala, shelefu yamwala,
eni ake palibe akudziwa dzina lawo
ngakhale chinenero chimene ankakalipira ana.
Ndati, dikira.
Ndagwada movutikira pansi pa thanthwe langa,
pomwe wina anajambula mphalapala ndi dothi lofiira
ndi tianthu tothamanga, mauta m'manja.
Nayenso sanasaine.

Agogo ako Kandulu anayenda wapansi kuchokera ku Ntcheu,
masabata asanu, kudzera ku Tete,
fosholo ya m'mgodi ikuwayitana kutsogolo,
mikango ikuwawerenga kumbuyo.
Sankati n'kukawongola miyendo.
Analibe botolo la madzi la mtundu wowala
kapena ndodo ziwiri zogula m'sitolo ngati zakozo.
Anafika, anakhala, anatchedwa mtchona,
ali ku manda a Mabvuku, mutu kuloza komwe sanabwerere.
Iwe wangopitiriza ulendo wawo,
wapyola mpaka dziko latha, kwatsala madzi okhaokha.

Akuti kumeneko dzuwa likukana kulowa,
pakati pa usiku munthu n'kutola singano.
Kuno ikangokwana faifi ndayamba kufunafuna machesi.
Ndiye kuti dzuwa lathu unapita nalo ndiwe,
pamodzi ndi anamzeze
amene anasamuka pa waya wa magetsi mwezi wa Epulo.
Ndafunsa, kodi afika?
Akuti mmodzi wamanga m'khola la nkhosa, pafupi ndi doko.
Ndati umuuze kuti chisa chake pakhonde sindinagwetse,
ngakhale amayi ako akanakhalapo akanandikalipira za zitosi.

Kenaka mayunitsi atha.

Ndakhala pamwala, wayamba kufunda.
Kutali nyumba zazitali za m'tauni zikuyandama mu utsi
ngati zombo zosowa kokocheza.
Ndatola kamwala kokhala ndi timaso tonyezimira,
ndakaika m'thumba momwe munali mawu ake.
Pobwerera bondo lamanzere layamba milandu yake,
ndipo pa mlatho wawung'ono ndaima kupuma,
n'kuzindikira kuti njira yonseyi
ndimayenda chopendekera kumodzi,
ngati munthu wopatsa mnzake mpata
pa kanjira kopapatiza.