Njereza ya Sabata la Kanjedza

Lamulungu la Kanjedza likayandikira
Deolinda Carrasco amasungunula njereza m'chidebe
nayambira pa khomo lakumpoto,
lija adalitseka ndi njerwa kalekale,
lokhota pamwamba ngati chiboda cha kavalo.
Walipaka zaka makumi atatu ndi zinayi
koma mzere wake ngwankhutukumve:
chinyezi cha mtsinje wa Guadiana chikakwera
umatulukanso, bii.

Tchalitchi chino sichitalika ngati zinzake.
Litali ndi lifupi n'chimodzimodzi,
mizati ili ndandanda, yonenepa m'chiuno,
idaimikidwira anthu oima phewa ndi phewa
ndi kugunditsa mphumi pamkeka.
Ankhondo a mtanda pachifuwa ataoloka mtsinje
sadagwetse kanthu. Kumanga n'kodula.
Adawaza madzi odalitsa m'ngodya zinayi,
nakoleka belu pansanja
pomwe munthu ankaitanira anzake m'mamawa ndi kukhosi kwake.
Lero pagona adokowe.

Kuseri kwa guwa kuli mphako m'khoma,
yoti munthu mmodzi n'kuimamo.
Amisiri adaipeza pogumula pulasitala
agogo ake aamuna ali mnyamata wotunga madzi.
Muli maluwa osema, theka lake lidayoyoka.
Bambo mfumu amati pamenepo burashi isafike.
Iye amangopukutapo ndi kansalu,
nachotsa akangaude.

Lachinayi lija, ali pamwamba pa makwerero,
adalowa Lahcen wothyola malalanje ku esiteti,
amene Chipwitikizi chake n'cha mitengo ya zinthu ndi moni.
Adavula nsapato pakhomo, zamatope,
nadutsa Mariya wa misozi, nadutsa makandulo,
kukaima pamaso pa mphako ija.
Sadagwade. Adangoyang'ana,
kenaka adatulutsa foni, muvi wake nuzungulira,
nukhazikika kuloza ku Maka,
chapambali pang'ono pa mphakoyo.
Adaseka yekha.

"Pansipo mpozizira," adatero Deolinda,
"mudwala nazo."
Iye adakweza maso, naona makwerero akugwedera
pa mwala wina wosakhala bwino
umene wapunthwitsa Asilamu ndi Akhristu omwe.
Adawagwira ndi manja awiri.

Dontho la njereza lidamgwera pa tsitsi,
lina paphewa.
Adawagwirabe mpaka khoma lonse lidatha,
belu la masana n'kulira,
adokowe osasuntha n'komwe.